Timaenje Tiwiri Pamphuno pa a Mabatani

Munthu akakhala pa ntchito imodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, dzina limene anamupatsa makolo limatopa n'kumusiya. Bambo amene tikunena pano aliyense ankangowatchula kuti a Mabatani. Anzawo a kuntchito, a Mabatani. Ana a m'njira, a Mabatani. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu a Mabatani inu, makiyi mwaika kuti?"

Ankagwira ntchito mu shopu ya matelala, pamwamba pa sitolo yogulitsa penti. Ukamakwera masitepe, fungo la penti linkakuperekeza mpaka pakati, n'kukusiya m'manja mwa fungo la nsalu yotentha ndi simbi. Chipindacho chinali chachitali ngati basi. Kutsogolo kunali zenera limodzi lalikulu, ndipo pazenera pomwepo panali tebulo la bwana. Pakati panali makina asanu ndi amodzi ndi tebulo lodulira. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, pansi pa babu limodzi lowala ngati likupepesa, ndi pamene pankakhala a Mabatani.

Anabwera pa shopuyi ali ndi tsitsi lakuda bii, akufuna makina. Tsiku loyamba anasokerera chala chawo ku thumba la thalauza. Atawamasula anawapatsa singano yamanja, n'kuwauza kuti akhale kutali ndi chilichonse chozungulira. Kumeneko ndi kumene anapeza mwayi wawo. Wodula adule, a makina asoke, koma yunifomu kapena suti inkasanduka chovala ikadutsa m'manja mwa a Mabatani. Batani lawo linali ndi mbiri. Malaya ankatha, kung'ambika, kusanduka chokolopera, koma batani lili gwa pa chokolopera pomwepo.

"Batani limafuna kakhosi," ankatero. "Ukalipanikiza pa nsalu limatsamwa." Posoka ankaika kamtengo ka machesi pakati pa batani ndi nsalu, akamaliza n'kukasolola, kenako n'kukulunga ulusi kasanu ndi kamodzi pansi pa batanilo. Akamafotokoza zimenezi nkhope inkawala ngati akunena za mwana wawo woyamba.

Zaka zambiri bwana wa pa shopupo anali a Wotchi. Dzinali linabwera chifukwa sankalankhula kwambiri, ankangogogoda wotchi yawo ndi chikhadabo. Ukachedwa kuchimbudzi, go go go. Ukatsokomola kawiri, go go go. Anali bwana woti akakupatsa moni umayamba wadzifunsa kuti kodi ndalakwanji.

M'masiku amenewo munali telala wamkulu, a Kolala, katswiri wa makolala a malaya. Lolemba lina a Kolala analowa atavala magalasi atsopano, akunyadira ngati mkwati. A Wotchi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi maso atha? Bwanji osanena?"

"Ayi bwana, panopa ndiye ndikuona bwino kwambiri."

"Muno timasoka ndi maso, osati ndi mawindo."

Lachisanu la sabata yomweyo a Kolala anaonetsedwa msana wa njira. Kuyambira tsiku limenelo shopu yonse inachira. Panalibenso wodwala msana, wodwala mwendo kapena wodwala maso. Madokotala akanamva akanabwera kudzaphunzira.

Ndiye taganizani mmene a Mabatani anachitira mantha pamene bowo la singano linayamba kuwatsekera. Poyamba mlandu anaupereka kwa masingano, amvekere a masiku ano akumabwera osaboola. Kenako anadandaula za ulusi kuti wanenepa. Mwana wawo wamkazi, amene samva nthabwala za bambo ake, anawagwira dzanja Loweruka lina mpaka kuchipatala cha maso, ndipo anabwerako ndi magalasi. Atawavala anaona kuti khoma la pabalaza lili ndi mng'alu, komanso kuti mphaka amene ankamudyetsa sanali wawo.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Mabatani anatenga jekete yawo ya kuntchito n'kusokamo kathumba kamkati, kokhala ndi batani lake. M'mawa uliwonse ankamwa tiyi atavala magalasi, kukwera basi atavala magalasi, koma akafika pakona ya sitolo ya penti ankawavula, kuwalowetsa m'kathumba, n'kumanga batani. Masitepe ankakwera ndi maso a chilengedwe.

Kusoka sikunavute, zala zinkadziwa njira. Chimene zala zinkalephera ndi kulowetsa ulusi m'singano. Ankanyambita ulusi, kutsinzina diso limodzi, kulasa, n'kuphonya. Ikamakwana nthawi yoweruka mutu unkakhala ukugunda ngati muli wina akukhoma misomali.

"Kuntchito mumapita munthu, mumabwerako mavu," ankatero akazi awo. "Taonani, mdzukulu wanu akamva nsapato zanu akumabisala kuseri kwa kabati."

"Ndatopa chabe, mayi."

"Mwatopa chiyani? Magalasi muli nawo, koma amene akuona bwino ndi thumba la jekete."

Tsiku lina m'mawa a Mabatani anapeza zodabwitsa. Pa kapilo kawo kobayapo masingano panali masingano asanu ndi imodzi, iliyonse ili ndi ulusi wake kale, mfundo yomangamanga. Kumanzere wakuda, kenako woyera, kenako wabuluu, kenako wakhaki, mwadongosolo loti ngakhale wotsinzina sangasokoneze. Anayang'ana uku ndi uku. Aliyense anali jijirijijiri ndi ntchito yake ngati sakudziwa kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Akabwerako kokadya masana, masingano aja anali atadzazidwanso.

Zinapitirira zaka zinayi, ndipo nkhaniyi inkawayabwa a Mabatani kuposa nsabwe. Anayesa kulawirira kuti amugwire munthuyo, koma ankapeza ntchito itachitika kale. Kufunsa poyera sakanatha, chifukwa kufunsako kukanakhala kuvomera kuti saona. Ndiye anazungulira. Anapita kwa wosita zovala, a Nthunzi, bambo wonenepa wathukuta nthawi zonse, amene ankaitanana nawo kuti alamu ngakhale panalibe mlongo wa wina amene anakwatiwa ndi mnzake.

"Alamu, kodi mu shopu muno muli mizimu?"

"Ilimo," anayankha a Nthunzi osadzutsa mutu, "koma ndi yokondera. Ine sinandisitireko ngakhale mpango."

Anayesanso kwa a Zipi, mayi wa pa makina achitatu, amene pakamwa pake pankathamanga kuposa makinawo.

"Achemwali, mumafika nthawi yanji m'mawa?"

"Bwanji, mukufuna muzidzandiperekeza? Ndikawauza akazi anu."

Basi, kafukufuku anathera pomwepo.

Kenako a Wotchi anapuma pa ntchito, ndipo eni shopu anatumiza bwana watsopano, mayi wamfupi wa nsapato zafulati. Sabata isanathe anali atalandira kale dzina, Mayi Chifukwa, poti chilichonse ankafunsa.

"Chifukwa chiyani nsalu zimakhala pansi?"

"Zimakhala pomwepo, bwana."

"Eya, ndaona. Chifukwa chiyani?"

Anthu anachita mantha kuposa kale. A Nthunzi ananong'oneza kuti bwana wokalipa ndi wabwino, umadziwa kothawira, koma wofunsa amakukumba ngati mbewa. Chodabwitsa china, mayiyu tiyi wake sankamwera pa tebulo lake. Ankabwera ndi kapu yake n'kukhala pa mpukutu wa nsalu pakati pa anthu, nkhani zonse n'kufa. Anthu ankangomva kumeza kwa anzawo.

Mmawa wina anaima kumbuyo kwa a Mabatani nthawi yaitali.

"Bambo, kamtengo ka machesiko n'kachiyani?"

Zaka zonsezi panalibe bwana amene anawafunsapo zimenezi. A Mabatani anaiwala mantha, anafotokoza za kakhosi, za kutsamwa, za kukulunga kasanu ndi kamodzi. Mayi Chifukwa anamvetsera mpaka kumapeto, anagwira batanilo n'kuligwedeza.

"Ndaphunzira. Koma ndili ndi funso lina. N'chiyani chimakulumani pamphuno m'mawa uliwonse?"

"Pamphuno, bwana?"

"Mumalowa ndi timaenje tiwiri, kena uku kena uku. Ikamakwana teni koloko timakhala titafufutika. Mawa lake tabweranso."

Pakamwa pa a Mabatani sipanawataye.

"Ndi chibadwa, bwana. Kwathu tonse mphuno zimachedwa kudzuka."

Mayi Chifukwa anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kuchoka. Kuyambira tsiku limenelo a Mabatani ankavula magalasi ali m'basi momwe, n'kumasisita mphuno njira yonse ngati munthu wa chimfine.

Tsoka silinunkha. Inabwera ntchito ya majekete akuda khumi ndi awiri a operekera zakudya ku hotela ina. Pa tebulo la a Mabatani panali timabokosi tiwiri toyandikana, kena ka mabatani akuda, kena ka mabatani abuluu woderapo, ofanana kukula, ofanana mabowo. Zala zimadziwa zambiri, koma mtundu sizidziwa. Pansi pa babu lopepesa lija zonse zinali zakuda. Majekete anapita Lachiwiri, Lachitatu atatu anabwezedwa. Mabatani ake anali osokedwa bwino kwambiri, kakhosi kali m'malo, koma abuluu.

Mayi Chifukwa anaika majeketewo pa tebulo lawo mwakachetechete.

"Bambo, mawa mukafika mundipeze kutsogolo."

Makina onse anakhala ngati atsika mawu. A Zipi, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya shopu, anasowa chonena.

Madzulo ake kunyumba a Mabatani anapukuta nsapato zawo kawiri. Akazi awo anawayang'ana ali pakhomo la kukhitchini.

"Mukupita ku ukwati?"

"Munthu pochoka azichoka akuwala."

"Mukangowauza zoona, abambo."

"Zoona ndi zimene zinachotsa a Kolala."

"Nanga bodza lakusungani? Lakusokerani mabatani abuluu."

A Mabatani anaika nsapato pambali. Ankaganiza za m'mawa wa Lolemba, kudzuka wopanda kopita, manja ali lende. Munthu amene dzina lake ndi ntchito yake, akamulanda ntchito amatsala ndani? Chimodzi chokha anatsimikiza: kalata yowachotsa akaiwerenga okha, ndi magalasi awo, akatsika masitepe. Sakapempha munthu kuti awawerengere.

M'mawa anafika pa tebulo lakutsogolo ataimika khosi ngati msilikali. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anali asanakhalepo pampando wa pazenera limenelo. Dzuwa linkalowa mwaufulu, mpaka ankaona fumbi likuvina.

Mayi Chifukwa anaika mabatani awiri pa pepala loyera.

"Lakuda ndi liti?"

A Mabatani anawerama. Pa kuwala koteroko ngakhale maso awo otopa anasiyanitsa. Analoza.

"Mwakhoza. Pano mwaona, uko simunaone. Ndiye ndichotse ndani, inu kapena babu?"



Kenako mayiyo anawapatsa pepala. Apa ndiye a Mabatani anati basi, kalata ija yafika. Analigwira pafupi, zilembo zinali ngati nyerere zomwazika. Analitalikitsa mpaka mkono unatha, nyerere zinangochepa.

"Bambo, valani amene ali m'thumba lamkatilo. Mkono wanu suonjezekanso."

Dzanja la a Mabatani linapita lokha pachifuwa, pamene panali kathumba.

"Mwadziwa bwanji, bwana?"

Mayi Chifukwa anatsegula chikwama chake, anatulutsa magalasi, anawavala, kenako anawakweza pang'ono n'kuloza pamphuno pake.

"Mphuno ya kwathu nayonso imachedwa kudzuka. Tsiku loyamba nditalowa muno ndinawerenga anthu khumi ndi mmodzi, asanu ndi awiri a imvi, ntchito ya singano, koma wovala magalasi palibe ngakhale mmodzi. Ndinati kodi anthu awa amadya chiyani? Ndiye anga ndinayamba kuwabisa kuti ndione mapeto ake. Mwezi wathunthu mutu ukundipweteka chifukwa cha inu. Tsopano ndiuzeni, chifukwa chiyani?"

A Mabatani anafotokoza za a Kolala, za Lolemba lija ndi Lachisanu lake, za maso ndi mawindo. Ankayembekeza kuti mayiyo aseka. Sanaseke. Anayang'ana kumbuyo kwa chipinda, kumene babu lija linali kupepesabe.

"Zaka zingati mukusoka chonchi?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Mutu?"

"Umayamba cha m'ma thuu koloko."

"Kunyumba amakupirirani?"

"Amanditcha mavu."

"Valani, bambo. Werengani."

A Mabatani anamasula batani la kathumba, anatulutsa magalasi n'kuvala. Nyerere zija zinaima pamzere. Sinali kalata. Chinali chithunzi cha chipinda chomwecho chojambulidwa ndi pensulo, timabokosi toimira matebulo. Pa bokosi la pazenera panalembedwa kuti Mabatani. Pa bokosi la pafupi ndi chimbudzi panalembedwa kuti Ine.

"Bwana, inu mukakhale kuchimbudzi?"

"Pafupi ndi chimbudzi, bambo, osati m'kati. Mapepala anga safuna dzuwa, ndikaikako babu labwino. Majekete atatuwo muwakonze lero, ndawalonjeza a hotela kuti afika isanakwane folo koloko. Musavule. Pitani mukatenge katundu wanu."

Ulendo wochoka pazenera kukafika kumbuyo unali wa mapazi makumi awiri okha, koma a Mabatani anauyenda ngati akuwoloka mtsinje pa mtengo umodzi. Makina oyamba anaima. Achiwiri anaima. Shopu yonse inangoti zii, maso onse ali pa magalasi. Anthu ankadikira kumva go go go, ngakhale mwini wotchi anali atapita kalekale.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero Mayi Chifukwa ali kutsogolo, naye magalasi ali pamphuno. "Athandizeni kunyamula tebulo."

A Nthunzi anaimika simbi. Anapukuta thukuta. Kenako anapisa dzanja pansi pa mulu wa nsalu zositira n'kutulutsa chimagalasi chachikulu ngati cha woyendetsa njinga yamoto, mwendo umodzi womanga ndi ulusi wakhaki. A Zipi anafufuza m'chikwama chawo, pansi pa mpango, n'kutulutsa awo ofiira. Wodula nsalu anatulutsa ake m'sokosi. Pomaliza kuwerenga, m'chipinda chimene dzulo lake munalibe wodwala maso munali magalasi asanu ndi awiri.

A Mabatani anayang'ana a Nthunzi, anayang'ana ulusi wakhaki uja, anayang'ana mfundo yake. Mfundo imeneyo ankaidziwa. Masiku ambiri ankaigwira ndi zala kasanu ndi kamodzi m'mawa.

"Alamu! Mzimu uja ndinu?"

"Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu," anatero a Nthunzi. "Makiyi a shopu amakhala ndi ine. Masiku enawo ndi masana onse ndi achemwali anuwa."

"Munadziwa bwanji?"

"Tikanalephera bwanji?" analowerera a Zipi. "Munkalowetsa ulusi mumphepo, singano ili uko. Tsiku lina munalimbana ndi phini mphindi khumi, phini wopanda bowo. Ine misozi inatuluka, theka kuseka theka chisoni."

"Ndiye osandiuza?"

"Tikuuzeni kuti mutiuzenso kuti ifenso sitiona?"

A Mabatani anafuna kuthokoza, koma mawu anakakamira pakhosi ngati batani lopanda kakhosi. Ndiye anangowayang'anitsitsa a Nthunzi kudzera m'magalasi, kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi.

"Koma alamu, mwakalamba liti chonchi?"

"Tsiku lomwe munasiya kuona. Gwirani uko, tebulo lanuli likulemera ngati muli maliro."

Analinyamula anthu anayi. Pamene linachoka panatsala masingano ambirimbiri m'ming'alu ya pansi, amene anagwa pa zaka zonsezo mwiniwake osawaona. Mayi Chifukwa anatola imodzi n'kufunsa ngati alipo akudziwa kumene a Kolala amakhala masiku ano. Anthu anayang'anana, ndipo a Zipi ndi amene analimba mtima.

"Chifukwa chiyani, bwana?"

"Makolala athu akupindika. Komanso pali mawu amene shopu ino sinawauze."

Pazenera, a Mabatani anatenga singano yopanda ulusi. A Nthunzi anatambasula dzanja mwachizolowezi, koma a Mabatani anawakaniza. Ananyambita ulusi wakuda, analasa, anaphonya. Analasanso, anaphonyanso, poti shopu yonse inali itawaunjirira ngati akuonera mpira. Kachitatu ulusi unalowa, ndipo a Zipi anaimba nthungululu mpaka wogulitsa penti pansi anakwera kudzafunsa ngati wina wabereka. Majekete atatu aja anatuluka isanakwane thuu koloko. Nthawi imeneyo itakwana a Mabatani anaima kaye, kudikira wokhoma misomali uja kuti ayambe ntchito yake m'mutu. Sanabwere.

Madzulo anatsika masitepe magalasi ali pamphuno, anadutsa pakona ya sitolo ya penti osagwira pachifuwa. Kunyumba akazi awo anali pakhonde akuchotsa zovala pachingwe. Anayang'ana nsapato zowala zija, anayang'ana nkhope.

"Akuchotsani?"

"Andichotsa kuchimbudzi."

"Lankhulani zomveka, inu a Mabatani inu."

"Ndikufotokozerani, mayi. Mdzukulu wanga ali kuti?"

Anali kuseri kwa kabati, monga mwa masiku onse. A Mabatani anagwada, mawondo akulira, n'kumasula batani la kathumba kamkati kaja. Kathumba kabwino chotero, kosokedwa ndi katswiri, sikakanangokhala kopanda ntchito. Munali maswiti awiri a pa sitolo ya pakona. Kamutu kanasuzumira, kanayang'ana maswiti, kanayang'ana agogo ake, kenako mwana yense anatuluka.